Mmene mbumba yathu inagawikira mu 2011, ndi mmene tinabwererana

Ndine mayi wa kwa Chimaliro m'boma la Thyolo. Ndinabadwira kuno, ndinakwatiwira kuno, ndipo zaka za mphamvu zanga ndinazithera m'minda ya tiyi, mtanga kumsana, kutchola masamba kuyambira mame asanaume mpaka kapitawo ataitana kusikelo. Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anachita pa mbumba yathu m'chaka cha 2011, pamene mwana wanga woyamba ndi achimwene anga, amene ndi malume ake komanso mwinimbumba wathu, anafika posamwerana madzi. Chandikakamiza kulankhula n'chakuti ndimamva anthu ena akunena kuti zokambirana za akuluakulu m'mahotela n'zongodyerapo ndalama, enanso akunena kuti zokambirana za pansi pa mtengo kumudzi sizingathandize kanthu pa nkhani za dziko. Ine ndinaona zonse ziwiri zikugwira ntchito pa mwana mmodzi, ndipo pakanasowa chimodzi bwenzi lero ndikusimba zina.

Muyambe mwamvetsa kuti kwathu kuno Bingu wa Mutharika sanali mtsogoleri wa dziko chabe. Anali mwana wa pakhomo. Kwawo ndi ku Kamoto, m'dera lomwe lino, ndipo munda wake wa Ndata ndi woti aliyense kuno amaudziwa. Achimwene ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo zifukwa zawo sindingazinyoze ngakhale lero. Amene anaona njala ya 2002, pamene tinkafukula zitsa za nthochi n'kumasinja kuti ana agone atalawa kanthu, amadziwa kulemera kwa kuponi ya feteleza imene inayamba kufika m'manja mwathu mu 2005. Kamunda kathu n'kochepa, koma kanayamba kutipatsa chimanga chofika nacho kokolola kwina. Panalinso nkhani ya mtundu. Makolo athu anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira thangata m'minda ya azungu, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankachita manyazi kulankhula Chilomwe pagulu poopa maina achipongwe. Mulhako wa Alhomwe utayamba kusonkhana pa Chonde ku Mulanje, achimwene ankabwerako akunyadira, akuphunzitsa ana moni wa Chilomwe pabwalo. Mu 2009 anthu awiri mwa atatu alionse amene anaponya voti m'dziko muno anasankha Bingu, ndipo kuno kunalibe chifukwa chofunsirana kuti wavotera ndani.

Mwana wanga naye anavotera yemweyo. Iye ankalima tomato padimba la amayi athu, kupikulanso wina pa Goliati, n'kumakagulitsa ku Limbe. Geniyo inkayenda mpaka pamene mafuta a galimoto anayamba kusowa. Malole ndi maminibasi ankagona pamizere kumalo omwetsera mafuta, zigubu zili ndondondo. Tsiku lina ndinamuthandiza kusenza madengu kupita kumsewu kusanache. Tinawasanja pambali, tinawafunditsa masamba a nthochi. Dzuwa linatuluka, linafika paliwombo, galimoto osaoneka. Imene inabwera inali yodzaza kale, ndipo mtengo umene dalaivala anatchula unali wowirikiza. Pofika madzulo madzi ofiira anali akudontha pansi pa madengu, ntchentche zitaunjikana. Mwana wanga anakhala pansi n'kuyamba kusankha wosaphwanyika mmodzimmodzi, osatulutsa mawu. Mpamba wake unali wa katapila.

Chaka chimenecho fodya sanagulidwe bwino ndipo ndalama zakunja zinasowa m'mabanki. Mu Epulo boma linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula ulamuliro wa Bingu itatulukira m'nyuzipepala. Britain nayo inabweza nthumwi yathu ya ku London, ndipo mu Julaye inaimitsa ndalama zimene inkathandizira bajeti ya boma. Ife otchola tiyi sitinkaganiza kuti mkangano wa akazembe ungafike m'dengu la tomato, koma unafika.

Pa 20 Julaye mabungwe omenyera ufulu wa anthu anaitanitsa zionetsero m'dziko lonse, kuti anthu avale zofiira, akapereke kuboma chikalata cha madandaulo 20. Mwana wanga sanatsanzike. Anachoka dzulo lake monga wopita kugeni, malaya ofiira atawabisa pansi pa dengu. Ine ndinali m'munda wa tiyi pamene kapitawo anayamba kuyendayenda foni ili kukhutu, nkhope itagwa. Anati ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Karonga kwavuta. Mawailesi omwe si aboma analetsedwa kuulutsa zochitikazo pompopompo, ndiye tinkangomva za m'maluwa, uyu akuti afa asanu, uyo akuti tauni yonse yapsa. Pambuyo pake zinadziwika kuti anthu 20 anataya miyoyo m'masiku awiri, ambiri ataomberedwa ndi mfuti, ndipo ku Mzuzu ndiko kunagwa maliro ochuluka. Wanga anafika usiku wa tsiku lachiwiri ndi nsapato imodzi, phazi litang'ambika ndi botolo, maso atatupa ndi utsi wokhetsa misozi. Ndinatsuka balalo ndi madzi amchere ndikuthokoza Mulungu. Koma mbiri inali itafika m'mudzi iye asanafike, pakuti wina anamuona ku Limbe atavala zofiira.

Kwathu ndi kwa chikamwini. Achimwene amakhala kumudzi kwa akazi awo, koma nthaka ya amayi athu ndi ana a ife alongo awo zili m'manja mwawo. Bambo a ana anga ndi mkamwini, pa nthaka ya eni saikapo mlomo. Achimwene anabwera m'mawa, mpando anaukana. Anaima pabwalo n'kunena kuti, "Achemwali, mwana wanuyu wandiyalutsa. Dziko lonse litukwane munthu wa kwathu, naye mwana wa m'mbumba mwanga akaimbe nawo nyimbo?" Mwana wanga akanangokhala m'nyumba bwenzi mkwiyowo utathera pakamwa. Koma anatuluka akutsimphina n'kuyankha kuti, "Malume, inu anakugulani ndi thumba la feteleza. Ife tomato akutiwolera pamsewu." Mawu amenewo achimwene sanawameze. Tsiku lomwelo anatsikira kudimba, anazula mitengo yonse yoimikira tomato, n'kulengeza kuti dimbalo alilanda.

Munthu wa ku Kasungu kapena ku Mchinji mwina sangamve kuwawa kwake. Kuno ku Thyolo ukaima pachitunda, kumene maso afike ndi tiyi wa makampani, wobiriwira chaka chonse, pamene midzi yathu yapanikizika m'mphepete ndi m'zigwa. Nthaka yabwino inatengedwa kale m'nthawi ya atsamunda, ndipo anthu tikuchulukirachulukira pa kotsalako. Kulanda mnyamata dimba n'kumuuza kuti asamuke. Nkhaniyo sinathere pakhomo pathu. Pamjigo amayi ankandipatsa mpata waukulu, osati waulemu. Kusikelo mnzanga amene tinkagawana mbatata yootcha kwa zaka zambiri anayamba kuima pamzere wina. Ena ankati ndinabereka woukira. Anyamata ageni, anzake a mwana wanga, nawo ankawalozera zala achimwene akamadutsa panjinga. Pa maliro ena anthu anakhala magulu awiri pasiwa, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Amayi athu okalamba anayamba kubweza nsima osaigwira.

Choopsa chinali chikubwera. Mabungwe aja anapatsa boma mpaka pakati pa Ogasiti kuti liyankhe madandaulo, apo ayi pa 17 Ogasiti anthu abwerera kumsewu kukachita m'bindikiro. Mtsogoleri wa dziko naye ankalankhula mwaukali pamisonkhano, kuchenjeza kuti obwerera kumsewu athana nawo. Mwana wanga anati apita, bala lipole lisapole. Msuweni wake, mwana wa achimwene, anali m'gulu la achinyamata a chipani cha Bingu, ovala zabuluu, ndipo anauza anthu pa Goliati kuti nawonso akakhala ali m'tauni kudikirira. Pa 19 Julaye anthu anali ataona anyamata atanyamula zikwanje m'magalimoto m'misewu ya Blantyre, ndiye panalibe woyesa kuti ndi nthabwala. Ana awiriwa anakulira limodzi, ankalimbirana nkhoko za mumphika wa agogo awo. Usiku ndinkangowaona m'maganizo akukumana pamsewu, wina wofiira wina wabuluu. Ndinamuchonderera, ndinalira, ndinafika pobisa nsapato zake. Anangondiyankha kuti, "Amayi, nanga anzathu 20 aja anafera chiyani?" Ndinalibe chomuyankha. Ndinasala kudya, n'kumuuza Mulungu kuti zanga zandithera, achitepo yekha.

Yankho linadzera mwa munthu amene sindinamuonepo ndi maso. Bungwe la United Nations linatumiza nthumwi yake, João Honwana, mbadwa ya ku Mozambique, kudzakumana ndi mbali zonse ziwiri. Kutatsala tsiku limodzi tinamva pawailesi kuti a boma ndi a mabungwe agwirizana zokhalirana pansi, United Nations ikhala mkhalapakati, ndipo m'bindikiro waimitsidwa mpaka pa 21 Sepitembala. Tsiku lomwelo, pa 16 Ogasiti, kunali mapemphero a dziko lonse ku Comesa Hall ku Blantyre, kumene Episkopi Joseph Zuza wa ku Mzuzu analalikira pamaso pa pulezidenti, kudzudzula mtima wodziyesa wanzeru wekha. Mwana wanga anapsa mtima kwambiri. Anati atsogoleri a mabungwe adyetsedwa chibanzi, agulitsa magazi a anthu. Achimwene nawo, monga ndinamvera, anakwiya kuti akunja akulowerera za m'nyumba mwathu. Ine ndinalowa kuchipinda n'kugwada. Pa 17 Ogasiti mwana wanga anali pakhonde akusenda chinangwa, ndipo msuweni wake anali kumudzi kwa amayi ake.

Zokambiranazo zinayamba ndithu. Mbali ya boma inatsogoleredwa ndi bishopu wamkulu wopuma wa mpingo wa Anglican, Bernard Malango, ya mabungwe ndi Voice Mhone wa CONGOMA, ndipo pambuyo pake United Nations inatumiza mayi Sahle-Work Zewde, amene mu 2018 anadzakhala pulezidenti wa Ethiopia, kuti aziwayanjanitsa. Sindinganame kuti zinayenda bwino. Mafuta sanabwere chifukwa cha zokambiranazo. Mu Sepitembala ofesi ya Rafiq Hajat ku Blantyre inatenthedwa, nyumba ya mbusa MacDonald Sembereka ku Balaka inatenthedwa, onsewa atsogoleri a mabungwe aja, ndipo wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulu pomwepo. A mabungwe anayamba atulukamo m'zokambiranazo. Amene amati boma linangopeza mpata wopumira ali ndi gawo lawo la choonadi, ndipo amayi amene anaika ana awo kumanda a Zolozolo ku Mzuzu ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti chilungamo chinathera pati. Komabe m'bindikiro wa pa 21 Sepitembala unasanduka wongokhala pakhomo, ndipo 20 Julaye wachiwiri sanachitike. Ine ndimawaona anthu ochokera kunja aja monga ankhoswe. Nkhoswe sigona m'nyumba mwanu, sikuphikirani, sichotsa chimene chili mumtima. Imangofika pamene zavuta, kukulandani chikwanje, kukukhazikani pansi, kenako imabwerera kwawo. Zotsalazo ndi za eni nyumba.

Ndipo zotsalazo kwathu zinali zambiri, pakuti ku Lilongwe anthu ankagwirana chanza pamene dimba lathu likumera thengo. Amene anazinyamula ndi anthu oti maina awo sanamvekepo pawailesi. Woyamba anali mphunzitsi wa mpingo wathu wa Katolika, amene ankatsogolera kagulu ka Chilungamo ndi Mtendere. Wachiwiri anali mkulu wa mpingo wa CCAP kumene achimwene amapemphera, mnzawo wa kuubwana. Amayi a Mvano ndi amayi a mumphakati mwathu ndiwo anawalumikiza awiriwa, atakambirana pamaliro. Chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chakuti sanathamangire kubwalo. Anati mukawaika pamaso pa gulu mitima idakali yotentha, aliyense alankhula kuti gulu lake limve, ndipo palibe amene angabweze mawu. Ankapita kwa mmodzi madzulo, kwa wina Lamulungu potuluka kutchalitchi. Funso loti Bingu ndi wabwino kapena woipa sanalifunse n'komwe.

Apa ndi pamene ndinaona kuti zochitika kumwambako zili ndi ntchito pansi pano. Mkulu wa mpingo uja anawafunsa achimwene kuti, "Munthu amene mukumutetezayo watumiza bishopu kukakhala patebulo limodzi ndi anthu a zofiira aja. Inu mukumukonda kuposa mmene adzikondera mwini wake? Iye akulankhula ndi omutsutsa, inu mukana kulankhula ndi mwana wa mlongo wanu?" Achimwene anasowa poyankha. Mphunzitsi naye anamuuza mwana wanga kuti kukhala pansi si kugonja, ndipo anamukumbutsa za 1992, iye akadali wakhanda pa nkhani zotere. Maepiskopi anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo mu Meyi pamsonkhano wa ku Paris, kenako a mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga Public Affairs Committee n'kukhala pansi ndi nduna za Kamuzu, mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993 inatheka. Anamuuzanso za kwa makolo athu kutsidya kwa Ruo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inathawitsira muno anthu opitirira miliyoni imodzi, inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, ndipo amene anakhala pakati sanali aboma okha. Panali nthumwi ya boma la Italy, Mario Raffaelli, panali Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, panalinso Andrea Riccardi ndi Matteo Zuppi a gulu la Akhristu la Sant'Egidio. Mwana wanga anamvetsera, pakuti amayi athu anasungapo abale othawa nkhondoyo m'khitchini mwawo, ndipo iye anakula akumva nkhani zawo.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi limene anawakumanitsa koyamba, kuseri kwa nyumba ya amayi, anthu ochepa chabe. Mphunzitsi anapempha mwana wanga kuti afotokoze za geni yake, osati za ndale. Anatchula mtengo wa dengu popikula, mtengo wa galimoto kale ndi tsopano, ngongole ya katapila ndi mmene inkaberekerana mwezi ndi mwezi, mpaka njinga yake imene mwini ngongole anali atatenga. Achimwene za njingazo sankazidziwa. Kenako mkulu wa mpingo anati, "Tsopano inu muuzeni mwanayu za 2002." Achimwene anakhala nthawi yaitali akukanda pansi ndi kamtengo. Mwana wawo wamkazi anamwalira chaka chimenecho, ndipo ana tinangowauza kuti anadwala. Tsiku limenelo ananena zonse: mmene anagonera pamzere wa chimanga ndalama ili m'manja, mmene anabwerera ndi thumba lopanda kanthu, mmene anapezera mwanayo miyendo itatupa, akulephera kumeza phala la gaga. Anati, "Ndinalumbira pamanda paja kuti munthu amene adzachotse njala pakhomo panga sindidzamutaya. Ndiye iwe ukuti anandigula." Mwana wanga anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pafumbi. Anati, "Malume, sindinkadziwa. Pepani." Amayi athu, amene anali chikhalire pamphasa osalankhula, anangoti, "Chibale ndi fupa, sichiola."

Nkhani inapita kwa amfumu mvula yoyamba itagwa, pamene mitima inali itazizira kale. Amfumu anagamula mwachidule. Anati nthaka ndi ya mbumba, si ya chipani, ndipo mwinimbumba ndi msungi wake, sangaigwiritse ntchito polanga mwana chifukwa cha malaya amene anavala. Dimba libwerere. Anatinso mwana sangatukwane malume ake pabwalo n'kungopita, apereke nkhuku. Nkhukuyo ndinaiphika ndekha. Anasamba m'manja m'beseni limodzi, achimwene, mwana wanga ndi msuweni wake, n'kudya. M'mawa mwake achimwene anabwera ndi mtolo wa mitengo yatsopano yoimikira tomato, anadula okha.

Musaganize kuti wina anasintha maganizo. Achimwene anakhalabe a buluu, mwana wanga anapitiriza kunena kuti boma linalakwa. Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, kuno kunali kulira kwenikweni, ndipo ndinaopa kuti chilonda chitukusiranso, chifukwa m'matauni ena ankasangalala. Koma pa 23 Epulo, tsiku loika maliro ku Ndata, mwana wanga anadzuka m'mamawa n'kuwaperekeza malume ake. Anati sakupita kukalira ndale, akupita chifukwa malume ake aferedwa.

Umboni wanga ukanathera pamenepa, koma Mulungu anationetsanso mbali ina ya nkhaniyi mu 2017. Mu Sepitembala ndi Okutobala chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira kuno ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu ndi mitengo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pongowaganizira. United Nations yomwe ija inachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe poopa kuti angaphedwe. Sindikuwadzudzula, nawonso ali ndi ana. Koma zinandiphunzitsa kuti zikafika poipitsitsa akunja amatha kunyamuka, ife ndiye otsala. Usiku wina anyamata anagwira mlendo pamphambano, atanyamula chikwama, akufunsa njira ndi kalankhulidwe kachilendo. Miyala inali kale m'manja. Amene anaima pakati pa mlendoyo ndi gulu anali mwana wanga ndi msuweni wake. Wina anathamanga kukadzutsa amfumu ndi mphunzitsi uja, chikwama chinatsegulidwa pamaso pa onse, munali zovala ndi buledi wopita naye kwa wodwala. Anyamata a mbali zonse anamvera, chifukwa aliyense anaona munthu wake ataima pamenepo. Akanakhala kuti awiriwa sanayanjane mu 2011, mlendo uja sakanaona m'mawa. Pulezidenti Peter Mutharika anadzayendera maboma ano kudzalankhula ndi anthu, apolisi anachuluka, mphekesera inazilala, koma usiku umenewo pamphambano panalibe wa boma kapena wakunja.

Zisankho za pa 21 Meyi 2019 zitasokonekera, dziko linagwedezekanso kwa miyezi yambiri. Ambuye Thomas Msusa, Arkiepiskopi wa Blantyre, anatsogolera nthumwi za Public Affairs Committee kuyendera mbali zonse, akazembe ankapempha bata, ndipo khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Pa chisankho cha pa 23 Juni mbali ya achimwene inagwa. Mu Sepitembala 2025 inabwereranso. Nthawi zonsezi achimwene ndi mwana wanga ankakangana mpaka mawu kusasa, akatha n'kutsikira limodzi kudimba. Palibe amene analandidwanso munda m'mbumba mwathu. Ndikuthokoza Mulungu amene anagwiritsa ntchito mlendo wa ku United Nations kusunga moyo wa mwana wanga, n'kugwiritsanso ntchito mphunzitsi wosauka, mkulu wa mpingo, amayi a Mvano ndi amfumu kuti moyo umenewo ukhale ndi kwawo.

Zimene dziko linaphunzira pa 20 Julaye sizinatayike zonse. Mu 2017 boma, mothandizidwa ndi United Nations, linakhazikitsa ndondomeko ya mtendere ya dziko lino, makomiti a mtendere atayesedwa kale ku Karonga, ku Kasungu ndi ku Mangochi. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission, limene limanenanso za makomiti a mtendere m'maboma. Zimenezi ndi zabwino. Nkhawa yanga ndi yakuti zisathere pa boma, m'misonkhano ya anthu omwewomwewo olandira ndalama za mayendedwe, pamene anthu amene amazimitsa mikangano usiku m'midzi alibe ngakhale nambala ya foni yoimbira zikavuta.

Pakuti kuno chilonda chachikulu sichinapole, ndicho cha nthaka. Mu 2016 anthu otsatira Vincent Wandale ndi People's Land Organisation analowa ndi makasu m'malo a esiteti kuno ku Thyolo, apolisi anawabalalitsa, ena anamangidwa. Ambiri anaseka atamva kuti Wandale akufuna kudula Thyolo ndi Mulanje kukhala dziko palokha, koma amene anamutsatira sanali amisala. Anali anthu opanda polima, ena mwa iwo anzanga a kusikelo. Adzukulu anga akukula, ndipo dimba lija silingagawikenso. Tiyi ndiye amatipatsa ntchito, amabweretsanso ndalama zakunja, sindikunena kuti azulidwe. Ndikunena kuti eni ake ena a makampaniwa ali kunja kwa dziko lino, ogula tiyi wathu ali kunja, ndiye nkhaniyi amfumu okha sangaithe, monganso nduna ndi akazembe okha sangaithe popanda ife.

Inu a Peace and Unity Commission, inu a Public Affairs Committee, inu akazembe a mayiko amene amamwa tiyi wa ku Thyolo, bwerani kwa Chimaliro. Itanani eni minda, a unduna wa malo, mafumu, amipingo, amayi otchola tiyi ndi anyamata opanda minda, mukhale nawo pansi mpaka nkhani ya malo ogonera amene sakulimidwa imveke mutu wake. Anthu odziwa kuyanjanitsa alipo kale m'midzi muno, muwafunse adzakutsogolerani. Mu 2011 oyanjanitsa anafika anthu 20 atafa kale. Pa nkhani ya nthakayi fikani maliro asanachitike.